Digiri ya mafilimu a maloboti, fizi tinkasonkhera zimenezi?

Tadala wa ku Chisitu: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi pempho. Chaka chino ndikumaliza sukulu nde ndikulemba kafukufuku wanga, nkhani yake ndi mafilimu aja a maloboti, a zamlengalenga, a zam'tsogolo, amene azungu amati science fiction, mmene anthu akuno kwathu amawaonera ndi zimene amatolamo. Ndikufuna anthu ocheza nawo makamaka amene muli ndi ma video show kapena mumakonda kukaonera. Ndili konkuno mpaka mwezi uno kutha. Amene muli omasuka ndiuzeni pompano.

Amalume a Tadala: Iwe Tadala, nde kuti fizi yonse ija tinkasonkherana, ine mpaka kugulitsa munda wonse wa nanazi zisanapse kwa mavenda pa mtengo wolira, iwe unkakaonera mafilimu? Ine ndakhala ndikuuza anthu ku tchalitchi kuti mwana wa achemwali akuphunzira za mabuku

Bigi wa Chitakale: kkkkk madala musamukalipire mwana, mutumizeni kwa ine. Video show ndayendetsa zaka 14, digiri yake ndili nayo kale ikungosowa pepala

Make Junior: Koma a Tadala mwasankha bwinobwino? Mafilimu amenewo ine sindimvapo kanthu, zinthu kungouluka kuphulika kuuluka kuphulika. Bola a ku Nigeria aja munthu umalira nawo

Tadala wa ku Chisitu: Amalume pepani musakwiye, za mabuku zomwezo ndi zimene ndikuphunzira, kungoti kwathu ku kalasi filimu timaiwerenga ngati buku. Chimene tinayamba kuphunzira nchakuti filimu ya zam'tsogolo kwenikweni imakamba za mantha ndi zolakalaka za anthu amene anaipanga, pa chaka chimene anaipangacho. Tengani Godzilla, chibuluzi chija chimavuuka m'nyanja nkumagumula Tokyo. Yoyamba inatuluka 1954, patangotha zaka 9 chiponyereni mabomba a nyukiliya ku Hiroshima ndi Nagasaki. Chaka chomwecho mwezi wa March asodzi 23 a ku Japan anagweredwa phulusa la bomba limene America inkayesa ku zilumba za Bikini, onse anadwala mmodzi nkumwalira, anthu mpaka kuopa kugula nsomba pa msika. Nde munthu wa ku Japan amene analowa mu holo chaka chimenecho nkuona chinthu chodzutsidwa ndi bomba chikutentha mzinda, mukuganiza kuti ankaona buluzi?

Amalume a Tadala: Za ku Japan zimenezo. Ife kuno zitithandiza chani

Aphunzitsi Opuma a ku Chonde: Achimwene, mwanayu mumpatse mpata, akunena zomveka. Ine ndaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri ndipo ndikuuzeni kuti nthano ya kalulu ndi njovu sinkakamba za kalulu. Agogo athu ankadzudzula mfumu yankhanza kudzera mwa njovu chifukwa kuitchula dzina kunali kuputa mlandu. Chinanso chimene achinyamata simuchidziwa, dziko lino linalibe wailesi ya kanema mpaka 1999. Anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe anayamba kuonera kalekale ife tikungomvera wailesi, ndiponso kuyambira 1968 panali lamulo loti filimu iliyonse iyambe yaunikidwa ndi bungwe la boma isanaonetsedwe. Choncho ambiri a ife zinthu zimenezi tinazionera koyamba mu video show, pa matepi aja ankatafunidwa ndi deki. Tadala ukalemba usaiwale zimenezo, njira imene filimu inafikira kwa anthu ndi mbali ya nkhani yako.

Bigi wa Chitakale: Apo aphunzitsi mwalasa. Tadala bwera Loweruka udzaone wekha. Kwanga kuli mabenchi 9, chitseko ndi chiguduli, panja ndimalemba ndi choko pa bolodi filimu imene ikubwera, sipika ndinaipachika pa mtengo wa mango kuti wodutsa pa msewu azimva mfuti zikulira. Ana opanda ndalama amasuzumira pa ming'alu ya matabwa, ndinasiya kuwathamangitsa ndinatopa. Koma chimene ndikufuna ulembe ndi ichi, ndikaika filimu ya chizungu chokhachokha yosamasulira anthu amatuluka mmodzimmodzi ngati akupita kokataya madzi osabweranso. Ndikaika yomasulira m'Chichewa holo imadzadza mpaka ena kukhala pa simenti. Nde filimu imene anthu anga amaidziwa si ya ku America ija ayi, ndi ya mnyamata womasulirayo

Tadala wa ku Chisitu: Eeeh a Bigi zimenezo ndi zimene ndikufuna!! Amasintha zambiri?

Bigi wa Chitakale: Amasintha?? amaphika zake kkkk. Ndili ndi Avatar ija ya anthu a buluu ataliatali pa memole khadi, womasulira wake asilikali aja amangowatchula kuti a kampani, mkulu wa zipsera kumutu uja amamuti kapitawo, mwala akuufunawo amauti mwala wa ndalama. Pamene akugwetsa chimtengo chachikulu chija iye amati taonani abale abwera ndi mapepala a malo, amfumu sanauzidwe. Tsiku lina bambo wina wachikulire amene amathyola tiyi anaimirira pakati pa filimu chipewa m'manja nkunena kuti izi nde zinachitikira agogo anga, anyamata kumuseka kuti madala khalani pansi mukutitchinga, koma iye sanaseke nawo, anakhala pansi nkuonera mpaka kumapeto ali chete, pomwe nthawi zonse amagona filimu ili pakati

Kalaliki wa pa Esiteti: Komatu apa tisamale. Womasulira akungofuna anthu aseke kuti memole khadi yake igulidwe. Inu ophunzira mumakonda kuthira mchere wanu mu ndiwo za eni nkumati zinakoma kale. Amene anapanga Avatar sakudziwa nkomwe kuti kuli malo otchedwa Mulanje

Tadala wa ku Chisitu: Zoona achimwene, James Cameron sankaganiza za Mulanje pomwe ankaitulutsa 2009. Koma funso langa si lakuti iye ankaganiza chani, ndi lakuti chifukwa chani nthabwala ya mapepala a malo ikugwira pa Chitakale. Womasulira akanatha kuseketsa anthu ndi zina, anasankha imeneyo chifukwa akudziwa pamene pali chilonda. Ku Uganda omasulira otere amawatchula ma VJ ndipo anthu amasankha filimu potengera amene wamasulira, ku Tanzania nakonso aliko ndipo ophunzira analembapo za iwo. Za omasulira akwathu kuno nde ndikufuna nane ndiikepo zanga

Gaidi wa Likhubula: Ine Avatar ndinaonera kawiri ndipo sindinafune munthu wondimasulira. Ndimakwera phiri ili sabata ndi sabata ndi alendo. Ku Lichenya kuli bauxite, mwala wopangira aluminiyamu, zinadziwika kalekale nthawi ya atsamunda ndipo nkhani yokumba imangoti ikagona nkudzukanso. Ku Chambe anabwerako anthu ndi makina oboola pansi kufuna dothi la miyala ija amapangira maginito ndi zamagetsi, ku Songwe ku Phalombe nkhani ndi yomweyo. Pamene madzi onse amene tikumwa kuno, Likhubula, Lichenya, Ruo, Thuchila, akuchokera pamwamba pomwepo. Mkungudza nde tinaumaliza tokha ndi masowo, pamenepo sitinganamizire mlendo. Nde ukamaona filimu yoti anthu abwera pa chombo kudzafuna mwala uli pansi pa malo a mizimu, ine ndimangoti awa akunena ife koma atipaka buluu

Make Junior: atipaka buluu kkkkkk a Gaidi inu

Gaidi wa Likhubula: Chimene chimandinyansa mu filimu imeneyo nchimodzi, wopulumutsa anthu a buluuwo ndi msilikali wa adani omwewo, wabwera dzulodzulo waphunzira chilankhulo miyezi itatu basi wakwatira mwana wa mfumu, chimbalame chimene eni ake amachiopa wakwera ndi iyeyo. Alendo ena amene ndimakwera nawo ali choncho, tsiku lachiwiri ayamba kundiuza ine njira ya ku Sapitwa

Tadala wa ku Chisitu: kkkk a Gaidi chimene mwanenacho ophunzira ambiri anaidzudzula nacho filimu imeneyi, mwangochinena bwino kuposa mabuku. Ndikupemphani ndidzakujambuleni mawu

Mjoni wa ku Luchenza: Ndalowa mochedwa ndinali ku ntchito. Sisi Tadala ngati ukufuna filimu imene imatikhudza ife tili kuno ku Joni nde District 9. Chombo chaima pamwamba pa Johannesburg, zolengedwa zili mkatimo zatsitsidwa nkuikidwa mu mikuku yozunguliridwa ndi waya, eni dziko akuti zichoke zikutibera zikutidyera misonkho. Ine ndinaonera ndi anzanga anayi mu kachipinda kathu ka malata, wina wa ku Zimbabwe, poyamba timaseka mmene zimakanganirana zitini za chakudya cha mphaka koma itafika pamene akugogoda khomo ndi khomo ndi mapepala oti sainani musamuke tonse tinangoti zii. Amene anakhalako kuno May 2008 pamene anthu oposa 60 anaphedwa akudziwa. Ine ndinabwera pambuyo pake koma za 2015 ndinaziona ndi maso, tinagona masiku atatu osatuluka mabasi akutenga anthu kubwerera kumudzi

Aphunzitsi Opuma a ku Chonde: Pepani mwana wanga. Dzina la filimuyo likuchokera ku District Six ya ku Cape Town, malo amene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi a azungu okha, anthu oposa 60,000 nkusamutsidwa nyumba zawo kugumulidwa.

Tadala wa ku Chisitu: Eya aphunzitsi, ndipo wopanga wake Neill Blomkamp anabadwira ku Johannesburg komweko. Inatuluka 2009, anaijambulira ku Soweto mu mikuku yeniyeni imene anthu ake anali akusamutsidwa. Nde onani, wopanga ankaloza za tsankho lakale, a Mjoni akuonamo za makwerekwere, dzina lonyozera alendo ku Joni, za lero, zonse zili momwemo. Koma filimu yomweyo ili ndi litsiro lake, anthu a ku Nigeria inawaonetsa ngati zigawenga zodya anthu ndi asing'anga, mpaka boma la Nigeria linauza ma holo a kanema kuti asiye kuionetsa. Filimu yodzudzula kusala alendo nayo nkusala alendo

Mjoni wa ku Luchenza: Zimenezo nde sindinaziganizepo, ife timangoti aNigeria ndi choncho basi. Mxii nafenso tili ndi vuto eti

Dolo wa Kabaza: Ine funso langa ndi losavuta. Azungu akaulutsa chombo mu filimu mukuti sayansi. Agogo akauluka pa lichero usiku kupita ku Joni nkubwerera kusanache mukuti ufiti. Kusiyana kwake nkotani? Lichero silidya ndi mafuta omwe

Make Junior: Iiii a Dolo usiku uno musayambe zimenezo ena tigona tokha

Tadala wa ku Chisitu: kkkk a Dolo funso lanu lili pa mayeso athu ndithu. Pali mkulu wina Darko Suvin, anabadwira ku Zagreb nkukaphunzitsa ku Canada, buku lake la 1979 ndi limene aliyense amayambira. Iye ankati nkhani ya mtundu umenewu imafunika chinthu chimodzi chachilendo chimene kulibe m'dziko lathu, koma chachilendocho chizioneka kuti chingatheke mwa nzeru ndi kuyesa, osati mwa matsenga. Nde dziko lija umalidziwa limaoneka lachilendo, nkuyamba kuliona bwino ngati mmene umaonera nyumba yako ukabwera ku ulendo wautali. Kwa iyeyo lichero silingalowe, chifukwa palibe amene angakuuzeni kuti limauluka bwanji kuti nanunso mukayese

Dolo wa Kabaza: Nanga chombo cha mu filimu alipo angandiuze mmene chimaulukira ndikayese? Onse akunama basi, kungoti wina akunama atavala ovolosi

Aphunzitsi Opuma a ku Chonde: Mnyamata wa kabazayu akanapitiriza sukulu akanavutitsa anthu.

Tadala wa ku Chisitu: A Dolo simuli nokha, olemba ambiri a mu Africa amakana mpanda umenewo. Nnedi Okorafor, makolo ake ndi a ku Nigeria, amasakaniza mizimu ndi makina dala, ndipo 2019 analemba kuti zimene amalemba iye zizitchedwa Africanfuturism. Ankasiyanitsa ndi Afrofuturism, mawu amene anayambitsa Mark Dery cha m'ma 1993 pokamba za anthu akuda a ku America. Kusiyana kwake nkwakuti ina imayambira pa munthu amene makolo ake anatengedwa ukapolo ndipo akulota kwawo kumene sanakuone, inayo imayambira konkuno pa munthu amene sanachoke

Bigi wa Chitakale: Nde Black Panther ili mbali iti? Imene ija inandipangira ndalama 2018, ndinaionetsa sabata zitatu zotsatizana

Tadala wa ku Chisitu: Ine ndimaiika mbali ya ku America, ena amatsutsa. Taonani, chilankhulo cha ku Wakanda, dziko la mu filimuyo, ndi Chixhosa cha ku South Africa, mabulangete aja ndi a Basotho, mikanda ndi zofiira za asilikali aakazi zikukumbutsa Amasai, zina za ku West Africa, zonse mu dziko limodzi ngati munthu wadutsa mu msika wa Limbuli nkutola kena pa benchi iliyonse. Nzokongola, Ruth Carter amene anakonza zovalazo analandira nazo Oscar. Koma bala lenileni la filimuyo ndi la mnyamata wokulira ku Oakland ku America amene akufunsa kuti abale athu munali kuti pamene ife timavutika. Limenelo ndi funso la anthu akuda a ku America. Funso la ife ndi lina, ndi lija a Gaidi anena, mwala uli pansi pathu tidyapo chani

Mjoni wa ku Luchenza: Kuno anthu ankapita ku holo atavala zachikhalidwe, ndipo akamva Chixhosa ankakuwa. Musaichepetse sisi, kuona munthu wakuda ali mfumu ya dziko la makina osati wopempha thandizo, kwa ena ife kanali koyamba

Tadala wa ku Chisitu: Sindikuichepetsa achimwene, nanenso ndinalira pamene Chadwick Boseman anamwalira 2020. Kungoti kuikonda ndi kuifunsa mafunso zimayendera limodzi

Kalaliki wa pa Esiteti: Chabwino ndavomera pang'ono. Koma ine za zombo ndi ma alien sizindikhudza, zimene zimandisowetsa tulo ndi za makina olanda anthu ntchito. Ndimalemba makilo a tiyi tsiku ndi tsiku pa sikelo, ndimawadziwa amayi amene amabwera ndi dengu kumsana mame ali thoo, ndimadziwa amene ali ndi ana angati. Ku Kericho ku Kenya makina othyola tiyi anafika, 2023 anthu anakwiya mpaka kuwatentha. Makina amodzi amagwira ntchito ya anthu ambirimbiri ndipo sapempha tchuthi cha maliro. Nde anyamata akamaombera m'manja loboti mu video show ine ndimati mukuombera amene adzakuchotseni pa mzere

Aphunzitsi Opuma a ku Chonde: A Kalaliki, mwandikumbutsa chinthu chimene ndinkauza ana a Fomu 3. Mawu akuti loboti anachokera mu sewero la munthu wa ku Czechoslovakia, Karel Čapek, la mu 1920. Mu chilankhulo chawo robota ndi ntchito yokakamiza imene anthu wamba ankagwirira mwini malo kwaulere chifukwa chokhala pa malo ake. Tsopano ndiuzeni, kuno kwathu zimenezo tinkazitcha chiyani? Thangata. Makolo athu ambiri Achilhomwe atawoloka kuchokera ku Mozambique anakhazikika pa minda ya azungu kuno ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, ndipo lendi yake inali kugwira ntchito miyezi yakutiyakuti, ukakana nyumba yako ankaigwetsa. Chilembwe mu 1915 china chimene ankadana nacho ndi chimenechi. Mu sewero lija malobotiwo pamapeto pake amaukira eni fakitale. Choncho nkhani yoyamba ya loboti inali nkhani ya thangata, ndipo loboti woyamba pa esiteti anali agogo anu ndi anga.

Tadala wa ku Chisitu: Aphunzitsi!!! Za robota ndinaziwerenga koma kuzilumikiza ndi thangata sindinaganizeko olo pang'ono. Mwandipatsa chaputala chathunthu. Ndibwera kwanu mawa ndi shuga

Aphunzitsi Opuma a ku Chonde: Shuga adokotala anandiletsa, ubwere ndi nthochi.

Amalume a Tadala: Hmm. Agogo ako aakazi ankanena za thangata, ankati bambo awo anathawa usiku kuchoka pa esiteti ina ku Thyolo ndi mbuzi imodzi. Sindinkadziwa kuti za maloboti zikukhudzana ndi zimenezo

Make Junior: Ine ndinene zanga ngakhale ndinati sindiwamva mafilimuwa. Chichitikireni Freddy sinditha kuonera filimu iliyonse ya madzi. Junior anabwera ndi ina pa foni ya chimafunde chikumiza mzinda, anthu akuthawa pa magalimoto, iye akusangalala kuti amayi taonani, ine ndinangomva phokoso lija la usiku uja, miyala ikugubuduzika kuchokera ku phiri ngati mathiraki khumi akutsitsa katundu nthawi imodzi, nkutuluka panja kukakhala pa khonde. Mchemwali wanga nyumba inapita ndi mbuzi ndi chimanga chonse, mwamwayi iwo anatuluka. Nde ndimadabwa kuti azunguwa amapangiranji zinthu zoterezi nkumadya popukoni

Tadala wa ku Chisitu: Pepani kwambiri mayi. Funso lanu mayi wina wa ku America, Susan Sontag, analifunsa 1965. Iye anaona kuti mafilimu amenewa sayansi ndi chophimba chabe, chimene anthu amakaonera ndi chionongeko, ndipo ankati amagwira ntchito ziwiri, kukuiwalitsa mantha ako kwa maola awiri komanso kukuzoloweretsa zinthu zimene sumayenera kuzizolowera. Koma iye ankalemba za anthu amene akuopa tsoka limene silinawagwere. Inu mukunena za munthu amene lamugwera kale March 2023, ameneyo filimu singamuiwalitse kanthu. Zimenezo m'mabuku amene ndawerenga sindinazipeze, ngati mungalole tidzacheze pa awiri, dzina lanu sindidzalemba

Make Junior: Bwera pa msika Lachinayi ndimakhala mbali ya matimati

Gaidi wa Likhubula: Ndipo akuluakulu kumudzi sananene kuti Freddy, ankati napolo wadutsa. Chinjoka chokhala pansi pa phiri chikasamuka kupita kwina chimang'amba nthaka nkutenga zonse zili pa njira yake. Nanga si Godzilla wathu ameneyo

Aphunzitsi Opuma a ku Chonde: Mu March 1991 ku Phalombe, phiri la Michesi litagumuka, mawu anali omwewo. Ku Zomba mu 1946 chimodzimodzi. Ine ndinapita ku Phalombe patapita masiku ochepa kukafuna mnzanga amene tinaphunzira limodzi, miyala ina inali yaikulu kuposa kalasi, itakhala pamene panali nyumba za anthu. A zanyengo amafotokoza za mvula yochuluka ndi dothi lokhuta madzi pa malo otsetsereka, ndipo akunena zoona. Koma munthu amene waona zimenezo amafuna chinthu chokhala ndi mutu ndi mchira choti achitchule dzina.

Dolo wa Kabaza: Nanga anamapopa a 2017 aja? Amene aja nde anali science fiction yeniyeni, anthu ankati amabwera ndi tochi yowala kwambiri, amapopera mankhwala pa zenera iwe nkufooka, kenako mapaipi ndi kachipangizo. Palibe ananena za nyanga. Ine masiku amenewo ndinasiya kunyamula munthu wachilendo wa chikwama kumsana, ukanapezeka naye pa rodibuloko ya anyamata nonse mukanaona zakuda

Tadala wa ku Chisitu: A Dolo mwaona chinthu chimene wolemba mbiri wina Luise White analemba mu buku lake la 2000 la nkhani za opopa magazi ku East ndi Central Africa nthawi ya atsamunda. Ku Kenya ankati ndi ozimitsa moto, wazimamoto, ku Northern Rhodesia ankati banyama. Nthawi zonse opopawo amakhala ndi zida za makono, galimoto, mapaipi, majakisoni, yunifolomu, ndipo amagwirira ntchito munthu wolemera wakutali. Mfiti imadya m'bale wake, namapopa amatumidwa ndi mlendo. Nde ndi nkhani ya anthu amene akuona kuti thupi lawo ndi mphamvu zawo zikutengedwa kupita kwina koma sakudziwa kuti zikupita kuti

Aphunzitsi Opuma a ku Chonde: Apa pokha Tadala uyende mosamala. Mu 2017 anthu osalakwa anaphedwa, ena odwala misala, ena alendo ongodutsa, a zaumoyo analephera kugwira ntchito m'midzi, ndipo a United Nations anachotsa antchito awo kuno ndi ku Phalombe. Panalibe wopopa magazi ndi mmodzi yemwe. Ukalemba mokometsera kuti inali nthano yanzeru ya anthu osauka, amasiye a anthu aja udzawauza chiyani? Filimu ikatha anthu amatuluka nkupita kwawo. Imene ija anthu anatuluka nayo mu holo nkutenga zikwanje.

Tadala wa ku Chisitu: Ndamva aphunzitsi. Mwina ndingoikhudza pang'ono kapena ndiisiye, ndikafunsa ondiyang'anira

Kalaliki wa pa Esiteti: Isiye. Sunakule mokwanira nkhani imeneyo, ndipo ena amene anagenda nawo ali pa gulu pompano akuwerenga

Admin: Tiyeni tibwerere ku mafilimu abale

Bigi wa Chitakale: Funso langa kwa ophunzira, bwanji mafilimu amenewa onse ndi a kunja? Ife sitilota zam'tsogolo?

Tadala wa ku Chisitu: Alipo a Bigi kungoti safika pa memole khadi. Wanuri Kahiu wa ku Kenya anapanga Pumzi 2009, ndi ya mphindi 21 zokha, dziko litauma pambuyo pa nkhondo yolimbirana madzi, anthu akukhala motsekeredwa mkati, thukuta ndi mkodzo amazisefa nkumwanso, magetsi amapanga okha popalasa makina, mtsikana mmodzi nkuthawa ndi kambewu kukafuna dothi lamoyo. Ku Zambia Malenga Mulendema anapanga katuni ya Supa Team 4, atsikana anayi mu Lusaka wam'tsogolo, inalowa pa Netflix 2023. Chaka chomwecho Disney+ inatulutsa Kizazi Moto, timakatuni 10 ta opanga a mu Africa. Koma zonsezi zimafuna bandulo ndi akaunti ya kubanki, nde zinapangidwira ife koma amaonera ndi ena

Aphunzitsi Opuma a ku Chonde: Kwathu kuno pa mabuku tinayambapo. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa zaka 500 zikubwerazo. Ndinali nalo koma wina anabwereka osabweza.

Dolo wa Kabaza: Zopalasa makina kuti magetsi ayake zo nde ntchito yanga imeneyo, ndikanakhala bwana mu filimu imeneyo kkkk

Bigi wa Chitakale: Tadala ngati Pumzi uli nayo bwera nayo Loweruka tiike 4 koloko mpira usanayambe. Ilibe womasulira nde umasulira wekha pa maiki, tione ngati digiri ingagwire anthu anga mphindi 21 osatuluka

Tadala wa ku Chisitu: Iiii a Bigi mukufuna andigende kkkk. Chabwino ndavomera, koma a Dolo akhale pambali panga azithira nthabwala

Dolo wa Kabaza: Ine ndilipo bola andilipirire khomo

Amalume a Tadala: Nde ukamaliza zimenezi ntchito yake udzagwira kuti? Ndikufunsa chifukwa mng'ono wako akulowa Fomu 1 chaka cha mawa

Tadala wa ku Chisitu: Kuphunzitsa amalume, kapena ku wailesi, kapena kupitiriza sukulu ndikapeza thandizo. Sindikunamizani kuti ntchito ikundidikira

Amalume a Tadala: Hmm. A Bigi mundisungire malo kutsogolo maso anga saona patali. Ndipo iwe Tadala amayi ako akuti foni yako sikulowa, ugule mchere ndi sopo pobwera

Bigi wa Chitakale: Benchi yoyamba ndi yanu madala. Magetsi akathima Loweruka aliyense asonkhe ya petulo wa jenereta, ndanena kale pano pasadzakhale zokangana